Loko pa Nyumba ya Mzungu

Amene anandilakwira ndi alamu anga, mwamuna wa achemwali anga aakulu. Ananditulutsa m'chipinda chimene ndinkagona n'kukhomapo loko, ndipo chifukwa chake chinali mudzi wina wa ku Mangalande umene ine sindinauonepo, ndiponso sindikuganiza kuti ndidzauona. Ndinene poyambirira kuti si munthu woipa. Akanakhala woipa zikanaphweka, chifukwa munthu woipa ine ndimadziwa pomugwira. Vuto la alamu anga n'loti amakulakwira akumwetulira, kenako n'kukufunsa ngati wadya.

Kwawo ndi ku Ntcheu. Anabwera kuno ku Chitipa pa ntchito ya zaumoyo, ndipo chaka choyamba ankayenda atavala jekete masana onse, nkhope ili ngati ya munthu amene wapatsidwa chilango pa mlandu wa wina. Anaphunzira moni wa "mwaghona" ndi kuthokoza kwa "yewo chomene", n'kuona kuti zakwana, kenako anakwatira achemwali kuti aziwamasulira zotsalazo. Akandimva ndikuyankhula Chichewa amaseka, amati ndimachitafuna ngati chimanga chokazinga. Ndimawasiya. Iwo chiyankhulo chathu sachitafuna n'komwe, amangochinunkhiza.

Mudzi wathu uli chakufupi ndi Kaseye. Pamwamba pa kamtunda pali nyumba imene aliyense, ngakhale mwana wongoyamba kuyankhula, amaitchula kuti nyumba ya mzungu. Ndi ya njerwa zofiira zikuluzikulu, khonde lake limazungulira mbali zitatu, ndipo ili ndi chumuni chachitali chimene timalozera alendo akamafunsa njira. Anaimanga Mngelezi wina amene anabwera kudzayesa kulima khofi, agogo awo a amama ali ana. Khofiyo anakana. Chimene chinavomera ndi bulugamu amene anadzala kuti atchinge mphepo. Ena amati anachoka chifukwa cha malungo, ena amati mkazi wake anafika mpaka ku boma, n'kuona fumbi, n'kubwerera pomwepo. Anthu amene anabwera kudzamuumbira njerwa ndi kucheka matabwa, ena ochokera kutsidya kwa malire, iwo sanachoke. Ndiye tikanena chilungamo, mudzi wathu ndi wa anthu aganyu amene anaiwala kubwerera kwawo.

Mzungu atapita, nyumbayo sinapume. Inakhalapo sitolo. Inakhalapo kalasi, ndipo pakhoma la chipinda chachikulu panatsala bolodi lakuda lopaka ndi penti. Inakhalapo posungira feteleza. Kwa zaka zambiri amayi ankapitako ku sikelo ya ana, ndipo pamtanda wa pakhonde panali ngowe yachitsulo pamene ankapachika sikeloyo. Amama amati inenso ndinalendewerapo pa ngowe imeneyo, ndikulira mpaka anamwino anafunsa ngati bambo wanga nayenso ali choncho. Kenako a mpingo anapempherako pamene ankamanga tchalitchi, ndipo mwanjira imene palibe akuikumbukira bwino, nyumbayo inasanduka ya mpingo. Tchalitchi itatha, munalowa mbuzi.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade seveni, nditayankha aphunzitsi mawu amene anali oona koma osafunika. Anthu amati ndili ndi mtima wapachala. Sindikana. Kungoti nawonso anthu amakonda kuponda chala chomwecho.

Kwathu kuno mnyamata akayamba kumera ndevu sagonanso m'nyumba ya amayi ake. Palibe amakuthamangitsa ndi mawu. Umangoona mphasa yako yaikidwa panja m'mawa, tsiku lina yaikidwanso panja, mpaka wamva. Anzanga anaumba njerwa n'kumanga gowelo. Ine kudikira kuti njerwa iume kunandikanika. Ndinakwera kumtunda, n'kuthamangitsa mbuzi m'kachipinda kakumbuyo kamene kale kanali kosungira zakudya za mzungu, n'kusesa manyi a mbuzi masiku angapo. Palibe anandiloleza, palibenso anandiletsa. Chitseko ndinakhoma ndekha, malata obooka ndinamata ndi phula. Kudenga kunali nkhunda, ndipo tinagwirizana kuti zikhale zanga. Pakhonde ndinayamba kukonza njinga, poti njira ya kumunda ndi ya kuchigayo zimakumana pamenepo. Ochokera kumalire ankanditchula fundi, kutanthauza mmisiri, ndipo ndinkayankha msanga. Zaka zinapita, ine ndili momwemo, ndipo palibe tsiku limene ndinaganizapo kuti ndikugona mu mbiri.

Mpingo wathu unali paubale ndi mpingo wina wa m'mudzi wa ku Mangalande. Ankatitumizira mabuku a nyimbo ndi zithunzi zawo ataima m'chipale chofewa akumwetulira ngati zinthu zili bwino. Chaka china anaitana munthu mmodzi kuti akacheze. Anapita alamu, poti ndi mlembi wa mpingo, Chingelezi ali nacho, ndipo jekete anali nayo kale. Anakhalako masabata owerengeka. Anabwerako ndi chipewa, chitini cha mabisiketi, ndi foni yodzaza zithunzi.

Lamulungu masana tinakhala pakhonde pa amama, foni ikuyenda m'manja. Zithunzi zambiri zinali za nyumba imodzi yaikulu ya miyala, mawindo ambirimbiri, udzu wometedwa ngati mutu wa msilikali.

"Iyi ndi nyumba ya bwana wa mudziwo," anatero alamu. "Banja limodzi, kuchokera kwa makolo a makolo. Kale mudzi wonse unali wawo, minda, nyumba, chigayo, zonse. Anthu ankawalimira. Pafupi pali tchalitchi, ndipo eni nyumba amene anamwalira anawasema pamwala, atagona chagada, galu ali kumapazi."

"Galuyo anamwalira tsiku lomwelo?" anafunsa amama.

"Ayi amama, ndi chizindikiro chabe."

Anapitiriza. Anationetsa makoma odzaza zithunzi za anthu akufa, onse mphuno imodzi. Anationetsa chipinda chotchinga ndi chingwe chofiira, mkati muli bedi lalikulu lokhala ndi denga lakelake.

"Amagonapo ndani?" ndinafunsa.

"Palibe. Panagonapo wachibale wa mfumu usiku umodzi, kalekale."

"Anasiyapo nsikidzi?"

"Alamu," anatero akumwetulira, "anthu amachokera kutali kudzaona bedi limeneli. Amaima, amaliyang'ana, amajambula, kenako amakamwa tiyi panja."

Chithunzi china chinali cha dziwe lapakati pa mudzi, abakha onenepa akusambira. Amama anachiyandikitsa kumaso.

"Abakhawa ndi a ndani?"

"Ndi a mudzi wonse."

"Ndiye amagawana bwanji?"

"Sadya, amama. Amangowaona."

Amama anabweza foni mwaulemu n'kunena m'chiyankhulo chathu kuti anthuwo tiziwapempherera. Achemwali sanamasulire.

Apo ndi pamene alamu anakweza maso n'kuyang'ana kumtunda, kumene chumuni chinkaoneka pakati pa bulugamu. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Koma ifenso tili nayo."

Ndinaseka. Ndikanadziwa ndikanathamanga kukakhoma chitseko changa ndi misomali kuchokera mkati.

Pasanapite nthawi kunabadwa komiti yosamalira nyumba ya mzungu, wapampando wake alamu. Kunamvekanso kuti anzathu a ku Mangalande adzabwera chilimwe chotsatira, ndipo akufunitsitsa kudzaona nyumba imene m'bale wawo anamanga. Tsiku lina m'mawa ndikumata chubu, alamu anafika atavala chipewa chawo chija.

"Mwadzuka bwanji, fundi wamkulu?"

Akayamba ndi kukutamanda, gwira katundu wako.

Anayenda pakhonde manja kumbuyo, akuyang'ana matayala akale amene ndinapachika, chitini cha girisi, ndi buluku langa limene linali pachingwe. Anati komiti yagwirizana kuti nyumba ikonzedwe, ndipo kuti ikonzeke bwino ndiyenera kutulukamo kwa kanthawi.

"Kanthawi kotalika bwanji?"

"Alendo akangobwera n'kupita. Mukudziwa alamu, kunja kuja nyumba ngati iyi salola munthu kuyanikamo kabudula."

"Ndi buluku."

"Ngakhale buluku."

Ndinali ndi sipanala m'manja. Ndinaiponya, koma osati kwa iwo, ndinaiponyera ku bulugamu. Alamu anakaitola, n'kuipukuta ndi mpango wawo, n'kundibwezera. Kenako anafunsa ngati ndamwa tiyi.

Ndinatsika kwa amama mutu ukutentha, mawu ndawakonza kale m'kamwa. Ndinawapeza akusankha nyemba. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, osakweza mutu.

"Ukamutukwana mwamuna uja," anatero, "iye akagona tulo. Amene akagone ndi mawu ako ndi mlongo wako. Mlamu sakalipiridwa pabwalo, ngakhale atakupondera chimanga. Anthu adzati banja lathu silinalere."

"Nanga ndigone kuti? Kuno?"

Anandiyang'ana ndevu. Kenako anati, "Amene wakuchotsa ndi amene akusunge."

Ndiye ndinapinda mphasa n'kupita ku nyumba ya alamu, pafupi ndi chipatala. Anandilandira ndi manja awiri ngati ndachokera ku Joni. Ndikuganiza kuti mpaka lero sadziwa kuti chinali chilango.

Ganyu yokonza nyumba anandipatsa ine ndi anzanga awiri. Apa ndiyenera kufotokoza chinthu chimodzi. Kwathu kuno mlendo umamulemekeza ndi chatsopano. Amayi amazira pansi, chitenje chimatuluka m'sutikesi, mbale yosweka m'mphepete imabisidwa. Kuonetsa mlendo khoma long'ambika n'chimodzimodzi kumulandira utavala sanza. Palibe m'komiti amene anaganiza mosiyana, ndipo alamu, ngakhale anaona miyala yakuda ya kunja kuja ndi maso awo, akafika pa nkhani ya alendo ndi Mmalawi ngati ife tonse.

Tinagwira ntchito ndi mtima wonse. Ming'alu tinamata ndi simenti. Njerwa zofiira zija tinazipaka laimu mpaka zinayera mbee. Bolodi lakuda tinalikwirira. Ngowe ya sikelo tinaizula, poti mlendo wamtali akanagundapo mutu. Maluwa aminga amene anakwera mbali imodzi ya khonde kuyambira nthawi ya mzungu tinawadula ndi zikwanje, pokhala ankasunga njoka. Amayi a mpingo anasesa bwalo mpaka linatsika. Ana asukulu anandandalika miyala m'mbali mwa njira, nayonso tinaipaka laimu. Ine ndi amene ndinapereka nzeru yoti m'munsi mwa khoma tipake penti yabuluu, ngati masitolo a ku boma. Komiti inawomba m'manja. Ndinene pano, anthu anene zimene anene, inakongola. Ukaima kuchigayo inkawala ngati chipatala chatsopano.

Penti inatithera titafika kukhoma lakumbuyo, la kachipinda kanga. Pamenepo panatsala njerwa zosapaka, zakuda ndi utsi wa moto wanga, ndi misomali imene ndinkapachikapo zinthu. Tinachita manyazi. Tinabwereka mphasa yatsopano n'kuikhomera pamenepo kuti pabisike.

Nkhunda ndinazisamutsira kwa amama. Zina zinkabwerera kumtunda, ndiye alamu anatseka mipata yakudenga ndi waya. Zinkatera pamalata n'kumayang'ana pansi. Ndinkazimvetsa.

Alendo anafika masana, pa galimoto yahayala, tsitsi lawo loyera litafiira ndi fumbi la msewu. Anali ochepa, onse achikulire. Kwaya inaimba. Panali zoyankhula, ndipo aliyense woyankhula ankayamba ndi kunena kuti sayankhula zambiri. Ine ndinaima kumbuyo, nditavala malaya a alamu.

Pakati pa alendowo panali mayi wina wokalamba wa ndodo, amene alamu anati ndi yemwe anawayendetsa m'nyumba yaikulu ija kunja kuja. Mayiyu anatulutsa m'chikwama chithunzi chakale chofiirira, chimene anachipeza kwa achibale a mzungu wathu. Anayang'ana chithunzi. Anayang'ana nyumba. Anayang'ananso chithunzi. Kenako anafunsa alamu funso, ndipo ngakhale Chingelezi changa n'cha sitandade seveni, ndinamva. Ankafunsa ngati nyumba yakaleyo ili kuseri kwa iyi.

Alamu anati ayi, ndi yomweyi.

Mayiyo anangoti "o". Angelezi ali ndi "o" wina wake wamfupi, wotulukira m'mphuno, amene ndikuganiza kuti kwawo ndi maliro athunthu. Kenako anamwetulira n'kunena kuti tagwira ntchito yaikulu. Anapita kukhoma n'kukanda penti yanga yabuluu ndi chikhadabo, pang'ono chabe, ngati akuona ngati m'kati muli munthu wamoyo.

Anazungulira nyumba pang'onopang'ono, ife tonse pambuyo pake ngati anapiye. Atafika kumbuyo anaima pa mphasa ija. Mkulu wa mpingo anayesa kumukopa kuti aone mapiri. Mayiyo sanatembenuke. Anakweza mphasa ndi ndodo yake, n'kuona njerwa zakuda, utsi, misomali. Nkhope yake inasintha. Anaitana anzake. Anachotsa mphasa yathu yobwereka n'kuiika pansi, ndipo onse anajambula khoma limenelo nthawi yaitali, wina mpaka kugwada. Amayi a mpingo anayang'ana pansi ndi manyazi. Mmodzi ananong'ona kuti mwina akufuna akaonetse kwawo kuti atithandize penti.

Asanakwere galimoto, mayi uja anatengera alamu pambali n'kuyankhula nawo motsitsa. Alamu ankagwedeza mutu, chipewa chili m'manja. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za kumene ndidzayalenso mphasa yanga.

M'mawa mwake ndinakwera kumtunda ndi mphasa paphewa. Ndinapeza pachitseko chachikulu pali loko, ndipo pa kachitseko kanga, kamene ndinakhoma ndi manja angawa, pali loko wina watsopano, wonyezimira. Alamu anali pomwepo, akuyesa ngati wagwira.

"Talakwitsa, alamu," anatero ndi mawu achisoni. "Tonse talakwitsa. Mayi aja andifotokozera. Chinthu chakale sakhudza. Tawononga zambiri, ndiye chimene chatsalachi tichisunge. Kuyambira lero palibe wokhomamo msomali, palibe wosonkhamo moto."

"Utsi umene ankajambulawo ndi wanga."

"N'chifukwa chake tiyenera kuusamala."

Ndinatsegula pakamwa. Ndinakumbukira achemwali. Ndinatseka. Ndinatsika kumtunda ndikumenya miyala yopaka laimu ija ndi phazi, mpaka chala chinatupa, ndipo amene anachimanga bandeji ndi alamu omwewo.

Kunyumba kwawo ndinkagona pabalaza, pakati pa sofa ndi tebulo. M'mawa uliwonse ndinkayenera kupinda mphasa msanga chifukwa cha mapemphero a banja, ndipo ana awo awiri ankandiponda popita panja ngati ndine chopondera. Pamwamba pa kabati panali chithunzi cha nyumba ya ku Mangalande ija, m'felemu, chikundiyang'ana ndi mawindo ake onse. Ndinaganiza zobwezera ndi kudya. Mpunga ndinkawonjezera kawiri, nthochi zophika ndi nyama ndinkapala mpaka pansi pa poto. Alamu ankangoyang'ana mokondwera n'kuuza achemwali kuti awonjezere, mnyamata akugwira ntchito. Munthu wotere ungamuthe bwanji?

Njinga ndinayamba kukonzera pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Mphepo ya kuno ikayamba, fumbi limalowa mu girisi, m'maso, m'makutu. Timipira tachitsulo ta m'magudumu tikagwa pansi sitipezekanso. Makasitomala ankandifunsa kuti, "Fundi, a komiti akukutsegulira liti?" ndipo ena ankafunsa dala, kuti aone ngati ndiponya chinthu.

Nyumba ya mzungu inangokhala. Alendo amene alamu ankati azidzabwera kuchokera kutali sanabwere. Kunabwera munthu mmodzi wa pa njinga yamoto, wochokera ku boma, koma ankafunsa chimbudzi. Udzu unamera pabwalo. Laimu anayamba kusuluka. Ndikadutsa madzulo ndinkasuzumira pawindo la kachipinda kanga n'kuona mileme italendewera pamene ndinkapachika jekete. Loko yekha ndi amene ankaoneka kuti akusangalala.

Ndinayesapo kupempha mwaulemu, kangapo. Alamu ankati nkhaniyo aipititsa ku komiti. Komiti inali iwo, mkulu wa mpingo amene samva bwino, ndi amayi awiri amene ankabwera chifukwa kumakhala tiyi.

Kenako achemwali anayandikira masiku awo a mwana wachitatu, ndipo kunabwera uthenga woti amayi awo a alamu akunyamuka ku Ntcheu kudzathandiza. Nyumba za pachipatala n'zazing'ono. Agogowo akatenga chipinda cha ana, ana asamukira pabalaza. Ine pamenepo ndinalibe malo, ndipo ngakhale akanapezeka, mwamuna wandevu sangamadzuke pamphasa apongozi a mlongo wake akudutsa ndi ndowa. Kwa amama kunali kosatheka. Anzanga a gowelo anali atakwatira, ndipo gowelo zawo zinali zitasanduka makhitchini. Kuumba njerwa kunali kutachedwa, mitambo inali itayamba kusonkhana kumapiri masana aliwonse, ndipo fungo la mvula linkabwera ndi mphepo.

Achemwali anandipeza ndikutsuka m'manja kuseri kwa nyumba. Anayankhula m'chiyankhulo chathu, motsitsa.

"Ndawauza bambo a ana kuti nkhani yako ithe amayi awo asanafike. Akuti ali ndi nzeru."

"Nzeru zawo ndi zimene zandifikitsa pano."

"Ungomva kaye. Ndipo usaponye kanthu. Makapu atsala ochepa."

Tsiku lotsatira titatha kudya masana, alamu anandiitanira pakhonde. Anatulutsa mipando iwiri, chinthu chimene amachitira alendo okha. Achemwali anabweretsa tiyi n'kukhala pamphasa chapatali, akusoka kamalaya ka mwana, koma singano sinkayenda.

Alamu anayamba ndi kuyamikira kupirira kwanga. Anati anthu ambiri samandidziwa bwino, koma iwo aona kuti ndine munthu wodekha. Kenako anati pachitika zachisoni, anthu ena azula felemu la windo limodzi kunyumba ya mzungu, ndipo lata limodzi lakumbuyo lasowa. Ndinali nditaona kale. Nthawi yonse imene ndinkagona kumeneko sikunasowepo ngakhale msomali, koma ndinangomwa tiyi.

"Ndiye komiti yakhala pansi," anatero. "Taona kuti nyumba ija ikufunika munthu."

Ndinayang'ana achemwali. Iwo anayang'ana singano.

"Munthu wokhulupirika, woidziwa bwino. Ndinawauza kuti palibe wina woposa alamu anga. Onse avomera."

"Yewo," ndinatero. Ndinali nditayamba kale kuwakhululukira.

"Ndiye muzikagona pakhonde."

Ndinaganiza kuti sindinamve.

"Pakhonde," anabwereza mokondwera. "Mbali ya kum'mawa sikufika mphepo kwambiri. Mkati simungalowe, mukudziwa kale chifukwa chake, koma khondelo ndi lalikulu. Mpingo ukupatsani chikhoti chachitali ndi wenzulo. Kunja kujanso ali naye munthu wotero, amayenda ndi tochi, anthu amamulemekeza kwambiri. Mvula ikachuluka tidzaona za pepala la pulasitiki."

Anatsamira pampando ngati munthu amene wapereka ng'ombe.

Kapu inali m'dzanja langa lamanja, dzanja loponyera. Achemwali anaika kamalaya pansi. Patsidya pa msewu panali amayi awiri ochokera kuchipatala, ataima pamthunzi, ndipo ndinadziwa kuti ndikakweza mawu, dzuwa lisanapendeke amama akhala atamva, ndi mudzi wonse. Ndinaika kapu pansi pang'onopang'ono, mpaka inakhala bwinobwino osatayika ngakhale dontho. Sindinayambe ndaikapo chinthu pansi mosamala choncho. Kenako ndinakokera mpando pafupi ndi iwo, mawondo athu mpaka kugundana, kuti mawu anga asafike kumsewu. Alamu anasendera kutsogolo akumwetulira, poganiza kuti ndikufuna kuthokoza.

Ndinayankhula m'Chichewa chawo chomwe, ndikuchitafuna bwinobwino kuti pasatsale chofuna womasulira.

"Alamu, ndadya mpunga wanu nthawi yaitali, ndiye sindikutukwanani. Mzungu wanu anagona m'nyumba ija n'kuthawa. Wasitolo anachoka, aphunzitsi anachoka, anamwino anachoka, mpingo unachoka. Pa onse amene anakhalamo, amene akulira kuti abwereremo ndine ndekha. Pakhomo pa chipinda changa sindingagone panja ngati galu, ndi wenzulo m'kamwa, ndikulondera mileme. Dzuwa likamalowa lero ndikhala ndili mkati. Musankhe nokha, mlamu wanga wokondedwa: mundipatsa kiyi, kapena mundibwereka nyundo yanu."